Mundibwezere Magazi Anga

Pa ntchito yanga ino ya upolisi ndafufuzapo za mbuzi, za mafoni, za malata, ngakhale za belu la tchalitchi limene anyamata ena anakagulitsa kwa ogula zitsulo. Koma Lolemba lija bwana wanga atandiitana n'kunena kuti, "Sajeni Kaduya, pitani ku Chichiri, kwabedwa magazi," ndinangoti kakasi. Ine Salome Kaduya, mayi wa ana atatu, mawondo akundiphwanya, ndikasake magazi. Galimoto ya ku ofesi inali itatuluka, ndiye ndinakwera minibasi ngati wina aliyense, thumba la makala la eni ake litanditsamira mwendo njira yonse.

Malowo ndi nyumba yakale ya mpanda wa njerwa kuseri kwa Chichiri, ndipo amachitiramo kafukufuku wa matenda a ubongo. Anandilandira ndi Dokotala Emily Nkoloma, mayi wochepa thupi, maso ali psuu. Ngakhale mpando sanandipatse. Ananditengera molunjika kuchipinda kumene kunali mafiriji otalika kundiposa, akungong'ung'udza chapansipansi.

"Chitseko sichinathyoledwe," anatero. "Makompyuta ali apo, palibe wawakhudza. Onani umu."

Anavala magulovesi ochindikala amene anali pa msomali, n'kutsegula firiji imodzi. Munatuluka nthunzi yoyera. M'kati munali timadirowa tachitsulo todzaza ndi timabokosi, ndipo pamalo amodzi panali gwelu ngati pochoka dzino. Nditatambasula dzanja kuti ndigwire, dokotala anandimenya pamkono.

"Pepani, Sajeni, musakhudze. Kuzizira kwa umu kumawotcha. Mukagwira chitsulo ichi ndi manja chabe, zala zimatuluka matuza."

"Ndiye kasowa kabokosi kamodzi basi?"

"Kamodzi."

Kunena zoona mtima unanditentha. Kukwera minibasi, kufinyidwa ndi makala, chifukwa cha kabokosi kamodzi. Ndinamufunsa kuti munali chiyani chimene sangapeze kwina.

"Mukuwadziwa matenda oiwala aja?" anatero, akutseka firiji. "Munthu amayamba kuiwala pamene waika makiyi, kenako njira ya kwawo, mapeto ake dzina la mwana wake. Kwa anthu ambiri amabwera ndi ukalamba. Koma pali mabanja ochepa kumene amayamba munthu asanakalambe, ali ndi zaka makumi anayi n'zingapo, ndipo amatsata mtundu. Pamakhala kachilema kakang'ono mu DNA. Mwa ana a wodwalayo ena amakatengera, ena ayi, pafupifupi theka ndi theka. Ife timasaka kachilema kameneko. Banja lililonse lili ndi kabokosi kake. M'kamene kasowaka munali magazi a mayi wina wodwala pamodzi ndi a abale ake amene anavomera kuyezedwa. Pa timabotolo sitilembapo mayina, ndi manambala okha. Tinatsala pang'ono kuwatumiza kunja kuti akatiwerengere."

"Bwanji osangowabayanso?"

"Abalewo tikhoza kuwabayanso. Koma timayamba ndi wodwala. Kachilemako timakapeza mwa iye, kenako n'kumakayang'ana mwa enawo. Popanda wodwala tingayeze munthu osapeza kanthu, koma sitingadziwe ngati alibedi kapena tayang'ana polakwika. Ndipo mayiyo anamwalira Lachisanu. M'banjamo palibenso wodwala wina amene ali moyo."

Anavula magulovesi n'kuwapachika.

"Ali ndi mwana wamkazi," anapitiriza. "Anaimitsa chinkhoswe chake kudikira yankho limeneli. Amandiimbira sabata ndi sabata. M'mawa uno ndaigwira foni n'kuiikanso pansi. Ndimuuza chiyani?"

Ndinafunsa za makiyi. Anati ali nawo anthu atatu: iyeyo, mtsikana wa mu labu amene anali ku maphunziro ku Lilongwe, ndi dalaivala wawo Ronald, chifukwa nthawi zina amabwera ndi magazi kuchokera ku zipatala anthu ataweruka kale.

"Koma Ronald musamuganizire," anafulumira kunena. "Ali pa maliro. Ofesi yonse inamuona kumeneko."

"Maliro a ndani?"

Anayang'ana firiji ija.

"Lamulo la kafukufuku silindilola kukuuzani dzina la wodwala, Sajeni."

"Sindinafunse za wodwala, dokotala. Ndafunsa za maliro."

"A mayi ake," anatero motsitsa mawu. "Anamwalira Lachisanu."

* * *

Bwana wanga anali atandiimbira kale kuti pobwerera ndibwere ndi mlonda. Nthawi zonse amayamba ndi mlonda. Mlondayo, a Mikaili, ndinawapeza atakhala pa benchi pafupi ndi geti, bambo wachikulire wa kofia yoyera, wailesi ili pamiyendo koma yozimitsa. Atandiona anaimirira n'kuyamba kufunafuna nsapato ndi phazi, ngati munthu amene akudziwa kale kumene akupita.

"Khalani pansi, bambo. Ndatopa, sindikunyamula munthu lero."

"Mayi, walahi, ine m'chipinda chimenecho sindinalowemo. Magazi a anthu? Iyayi. Ndimachita kulambalala. Kwathu ku Mpingwe ana amanditcha kale mlonda wa anamapopa. Inu mukangonena kunjaku kuti kuno kwasowa magazi, mawa atigenda."

"Sindinena. Loweruka ndi Lamlungu kunabwera ndani?"

"Lamlungu palibe. Loweruka masana kunabwera a Ronald ndi pikapu, kudzatenga mipando yapulasitiki. Pano ndi mmene timachitira, wantchito akaferedwa amabwereka mipando ndi galimoto. Ndinanyamula nawo. Titamaliza anati akamweko madzi m'katimo. Nanga munthu woferedwa ungamufunse zambiri?"

"Anachedwa?"

"Osati kwenikweni. Koma potuluka jekete anali atavula, ataikulunga m'khwapa. Dzanja ili akulikupiza chonchi, akuuzira zala ngati mwana amene watola mbatata pamoto. Ndinati, mwatani achimwene? Anati chitseko chawapana."

"Chitseko chiti?"

A Mikaili anakanda pansi pa kofia.

"Ndi zimene ndakhala ndikudzifunsa, mayi. Zitseko za m'nyumba muno n'zolemera, zimatsekeka zokha pang'onopang'ono. Ngakhale mphaka amadutsa."

* * *

Kupita ku Chigumula ndi maminibasi awiri, kenako wapansi kudutsa m'timinda ta chimanga. Ndinafika dzuwa lili pamutu, malaya atandimata kumsana. Nyumba ya malirowo sinandivute kupeza. Pabwalo panali phulusa la moto wa pa siwa, ndi mafuwa akuda pamene amayi ankaphikira. Banjali ndi la a Zuze, Akatolika. Makolo awo anachokera kutsidya la malire ku Mozambique kudzathyola tiyi ku Thyolo, ana awo n'kumasendera m'tauni. Malemuwo, mayi Angella, anali ataikidwa dzulo lake kumanda a komweko.

Ndimayenda ndi chitenje m'chikwama. Ndinachimanga pamwamba pa siketi, n'kuvula nsapato, kulowa m'nyumba, kukhala pamphasa ndi kupepesa monga mwa mwambo. Nditatha ndinafunsa mwana wamkazi wa malemu. Anaimirira mtsikana wowonda, mpango wakuda kumutu, mawu atasasa. Dzina lake Esnat. Tinapita kuseri pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ndinamuuza mosazungulira kuti magazi a banja lawo asowa.

Sanalire. Anakhala pa njerwa n'kuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Onse? Ndi a amayi omwe?"

"Ndi a mayi anu omwe."

"Mukudziwa, a Sajeni," anatero, "agogo anga anafa asakudziwa dzina lawo. Amayi aang'ono chimodzimodzi. Anthu ankati m'banja mwathu muno tinalodzana. Amayi anayamba ndili ku sekondale, ndinasiyira pompo. Kuwadyetsa ine, kuwasambitsa ine, kuwachapira ine. Achimwene anga a Ronald ndi amene anawauza a dokotala za ife, tsiku lina akuwayendetsa pa galimoto. A dokotala atabwera kuno n'kunena kuti matendawa ali ndi dzina, si ufiti, ndinapita kubafa kukalira chifukwa cha chimwemwe. Mungamve zimenezo? Kusangalala kuti mayi ako akudwala matenda enieni."

"Ndamva kuti muli ndi chibwenzi."

"Arthur. Amagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi m'tauni. Wandidikira mpaka ankhoswe ake atopa naye. Iye amati zilibe kanthu, tikwatirane basi. Amuna amatero asanachapepo zofunda za munthu wamkulu. Ine sindikufuna kumusandutsa namwino, ndipo sindikufuna kubereka mwana woti adzandisambitse mmene ndawasambitsira amayi. Ndinamuuza kuti ndidziwe kaye. A dokotala akandipeza ndilibe kachilemako, chinkhoswe mwezi womwewo. Akandipeza ndili nako, Arthur apite."

Ndinamva chisoni, ndisaname. Koma chisoni sichifufuza mlandu. Ndinafunsa za dzanja la Ronald.

"Akuti anapsa ndi mpoto wa phala Loweruka."

Ine ndine wa Mvano, ndipo maliro amene ndaphikirako sindingawawerenge. Sindinaonepo mwana wamwamuna wa malemu atayandikira mpoto pa siwa. Amayi a kumeneko angamuthamangitse ndi mthiko. Sindinamuuze Esnat zimenezo, ndinangofunsa ngati mayi ake ankakambapo za magazi amene anawatenga.

Anaseka kaseko kotopa.

"Tsiku ndi tsiku. Anaiwala dzina langa, anaiwala kuti abambo anafa, koma jakisoni uja sanamuiwale. Akadzuka, 'Mundibwezere magazi anga.' Ndikamawadyetsa, 'Mundibwezere magazi anga.' Tsiku lina ku ofesi kuja analira kwambiri moti a dokotala anawamvera chisoni. Anawatengera ku firiji, achimwene atawagwira dzanja, n'kutulutsa kabokosi kuwaonetsa. Anati, 'Si awa, mayi, ali umu, sitinawataye.' Anatonthola tsiku limenelo lokha. Ngakhale Lachinayi, atafooka kale, ananenanso amalume ali pompo."

"Amalume ake ati?"

"A Pearson, alongo awo a amayi. Ndi eni mbumba."

"Bokosi la maliro anatseka ndani?"

"Titatha kuwasambitsa ndi kuwaveka, amalume anatitulutsa amayi tonse. Anati akufuna atsanzikane ndi mlongo wawo. Analowa ndi achimwene, ndipo potiitananso bokosi linali litakhomedwa kale mbali ya kumiyendo. Ine ndinangoti ndi chisoni cha..."

Anasiyira pomwepo. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wafika kumene ine ndinali nditafika kale.

* * *

Ronald ndinamupeza kumbali kwa nyumba akusanjikiza mipando kuti aikweze mu pikapu. Ndi mwamuna wa thupi, wazaka zoyandikira makumi anayi, ndevu zosameta. Ankagwira ntchito ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali lokulungidwa ndi kansalu.

"Tamasulani, a Ronald."

Anandiyang'ana, anayang'ana mlongo wake amene anali kumbuyo kwanga, kenako anamasula. Matuza oyera anali kunsonga za zala zokha. Chikhatho chinali bwinobwino.

"Ndinapsa," anatero.

"Mlonda munamuuza kuti ndi chitseko. Mlongo wanu munamuuza kuti ndi mpoto. Ine mundiuza chiyani? Sankhani bwino, chifukwa ndachokera kutali ndipo sindinadye."

Anachotsa mpando umodzi pa mulu n'kukhala.

"Amalume anandiitana Lachisanu lomwelo," anayamba, maso ali pansi. "Anati iwe ndi amene unatengera mayi ako kwa anthu aja, ndiye iwe ndi amene ukatenge. Anati munthu saikidwa mbali ina ili m'firiji ya eni ake. Anati mawu a womwalira sakanidwa, ndipo mayi ako akapita osakwanira sitidzagona m'nyumba zathu. Ndikanatani? Ndikanapempha ku ofesi akanandiuza kuti tidikire komiti ikumane. Maliro sadikira komiti."

"Nanga mlongo wanuyu simunamuganizire?"

"Ndinaona ngati anayeza kale. Miyezi yonseyi magazi ali m'firiji, ndinati ntchito yawo inatha, atsala n'kungosungidwa." Anatembenukira kwa Esnat. "Sanayeze?"

Esnat anapukusa mutu.

"Mayo ine," anatero Ronald chapansipansi.

"Kabokosiko munakatsegula?" ndinafunsa.

"M'galimoto. Timabotolo tating'onoting'ono tambirimbiri, mizere mizere. Mtima unandiwawa, a Sajeni. Ndinati kani amayi anawakama chonchi? Pamenepo ndinaona kuti amalume akunena zoona. Ndinakakulunga m'chitenje chawo cha ku tchalitchi, amalume anakaika kumapazi."

Ndinatseka maso pang'ono. Pali nthawi zina zimene munthu umalakalaka ukanakhala wogulitsa tomato.

"Ndiye munaganiza kuti timabotolo tonse tija ndi ta mayi anu."

"Nanga ta ndani? A dokotala ananena okha kuti ali umu."

"Inuyo anakubayani?"

"Eya."

"Nanga Esnat anamubaya?"

"Eya, tonse. Amalume, ana awo..."

"Magazi amenewo mukuganiza kuti amasungidwa kuti?"

Anayang'ana zala zake zamatuza zija ngati si zake.

"Banja limodzi, kabokosi kamodzi," ndinatero. "Dzulo simunaike mayi anu okha."

* * *

A Pearson Zuze anali pansi pa mtengo wa kutsogolo, pa mpando wa ndalema, kolona ili m'khosi. Ndi bambo wamtali wa imvi, anapuma ntchito ku njanji, ndipo mawu awo ndi a munthu wozolowera kukuwa sitima ikulira. Ataona yunifomu pansi pa chitenje changa, ndi Ronald akubwera atazolika, sanadikire funso.

"Ndine ndinalamula. Mwanayo musiyeni, mangani ine. Ife kwathu munthu amapita wathunthu. Ngakhale dzino limene linaguluka akudwala timaliika naye limodzi. Mlongo wanga wapempha magazi ake mpaka mpweya womaliza, ndiye ine ndikhale ndikuyang'ana? Kuba n'kutenga cha mwini. Magazi a Angella mwini wake ndani?"

Kunena chilungamo, funso limenelo linalibe yankho lapafupi, ndipo sindinalimbane nalo.

"Bambo, m'banja muno anayezedwa ndani ndi ndani?"

"Ine, ana awiri awa, mwana wanga Stewart, ndi mwana wanga Linda. Bwanji?"

"Linda ali kuti?"

"Ali m'nyumbamo wagona. Ndi woyembekezera, mwezi wake ndi uno. Kumanda sitinamulole n'komwe."

"Amalume," anatero Ronald, "m'kabokosi muja simunali a amayi okha. Munali athu tonse. Anu, anga, a Esnat, a Stewart, a Linda."

Ndaonapo anthu akulandira uthenga woipa m'njira zosiyanasiyana. A Zuze sanakuwe. Anagwira kolona ija n'kuifinya, ndipo thupi lonse lija linangoti fwaa mu mpando ngati thumba lokhuthulidwa.

"Magazi a anthu amoyo," anatero. "Ndawaika kumanda ndi manja angawa. Linda ali ndi pakati." Anayang'ana kukhomo kwa nyumba. "Mwana wosabadwa ndamutsogoza kumanda ine."

"Ndi timabotolo chabe, bambo," ndinatero, ngakhale ine ndemwe, Mkhristu wa Mvano, mantha anali atandigwira.

"Tikafukule. Mayi wapolisi, inu mukudziwa njira yake. Lero lomwe lino. Ndipita ndekha kwa amfumu, adzukulu okumba manda ndiwapepesa ndekha."

Ndinaimbira Dokotala Nkoloma n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Nditamufotokozera ndinamva akupuma mwamphamvu.

"Ndinawaonetsa ndine kabokosiko," anatero. "Chabwino. Tamverani, Sajeni. Timabotolo tija ndi totseka kwambiri, ndipo DNA siwonongeka msanga ngati mmene anthu amaganizira. Tikatipeza masiku omwe ano, mwayi ulipo ndithu woti tingawerenge magazi a mayi Angella. Tikachedwa, sindingalonjeze. Koma ine sindingapemphe kuti manda atsegulidwe ana a malemu asanavomere. Esnat ali pompo?"

"Ali pano."

"Esnat, yankho lanu lija likhoza kupezekabe."

Zinthu zake zinali zodabwitsa. Mwini mbumba ndi dokotala, anthu amene m'mawa mwake sakanamwerana madzi, tsopano ankafuna chinthu chimodzi. Tonse tinatembenukira kwa mtsikanayo. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndikalembere pempho la ku khoti, ndi mmene tidzatchingire anthu a m'deralo akadzamva kuti apolisi akufukula manda kufuna magazi.

"Ayi," anatero Esnat.

"Iwe, wamva zimene anena a dokotala?" anatero a Zuze. "Si iwe wakhala ukulirira zimenezi?"

"Ndamva, amalume. Inu munkabwera Lamlungu, kukhala pa mpando uwo, kumwa tiyi, n'kumapita. Simukudziwa kuti amayi ankathawa. Ndawapezapo ku msika wa Limbe atavula bulauzi, ana akuwagenda, akulu akukuwa kuti mfiti yagwa m'lichero. Ndawapezapo m'nkhalango ya Kanjedza akufunsa mitengo njira ya kwawo. Pogona ndinkamanga chitenje mbali ina kumwendo kwawo, mbali ina kumwendo kwanga, ndipo ankachikoka mpaka kucha. Zaka zonsezi sanagonepo tulo tokwanira. Dzulo ndi pamene agona malo amodzi osadzuka. Ndiye mubwere ndi makasu, anthu a Chigumula yense atazungulira, muwatsegulenso? Palibe awadzutse."

Ankalankhula mosakweza mawu, misozi ikungotsika yokha.

"Nanga Linda?" anatero a Zuze, ndipo tsopano ankachita kuchonderera. "Mwana wanga, ganizira mnzako."

"Itanani abambo mfumu akapemphere pamanda. Linda abereka bwino. Magazi anga alinso komweko, ndipo sindikuopa. Ali kumapazi kwa amayi anga."

A Zuze anayang'ana Ronald kuti awathandize. Ronald anapukusa mutu.

"Zimene wanena Esnat," anatero.

Mwina lamulo likanandilola kukakamira, popeza katundu wobedwa anali atadziwika kumene ali. Koma ine sindinali wokonzeka kukaima pamaso pa woweruza kupempha kuti tifukule mayi ameneyo mwana wake akukana. Bwana wanga akafuna, akapemphe yekha.

Foni inali idakali m'dzanja langa.

"Esnat," anatero dokotala mofatsa, "ndikulemekeza zimene mwasankha. Koma ndiyenera kukuuzani mosabisa. Popanda wodwala sindingakupatseni yankho lodalirika. Simudzadziwa mpaka..."

"Mpaka mmodzi wa ife adzayambe kuiwala," anamalizitsa Esnat. "Pamenepo mudzakhala naye wodwala wanu, a dokotala. Mudzabwere mudzamubaye."

Sanamuyang'ane mchimwene wake ponena zimenezo, koma Ronald anaweramitsa mutu. Ndi iye wamkulu, ndipo zaka zimene mayi awo anayambira sizinali kutali naye.

Ndinadula foni. Ndinamuuza Ronald kuti amalize kukweza mipando, tidutsira ku Chichiri kukaisiya, kenako tikalembe sitetimenti. A Zuze anali atadzuka n'kukaima pakhomo la nyumba, akusuzumira m'kati mmene munagona mwana wawo, osalimba mtima kulowa.

Ndikumasula chitenje changa, Esnat anandiyandikira kudzandithokoza, ngakhale sindikudziwa kuti ankathokoza chiyani. Sindinathe kudzigwira.

"Mwanangu, nanga Arthur? Mnyamatayo wanena yekha kuti zilibe kanthu. Theka ndi theka, mwina ulibe n'komwe."

"Mwina ndilibe," anatero. "Koma mwina ndili nako, ndipo amene angadzalipire ndi iye ndi mwana wanga. Ndinamulonjeza yankho, yankho palibe. Ndamusunga mokwanira, a Sajeni. Akapeze wina."

"Bwanji osadikira maliro azizire kaye?"

"Ndikadikira ndisintha maganizo."

Anatulutsa foni pamene anaimangira pa mfundo ya chitenje, n'kulowera kuseri kuja kwa mtengo wa mapeyala. Ndinawerama kuti ndivale nsapato, mawondo akulira, ndipo ndinamumva akulankhula.

"Arthur, uli ku ofesi? Tatuluka panja pang'ono. Ayi, sindikulira. Upeze pokhala kaye."